Kwa mabwana a ku Capital Hill: lekani kuika mtengo pa katundu amene mulibe

Olemekezeka a nduna ya zachuma, a nduna ya zamalonda, a nduna ya zaulimi, bwana gavanala wa Reserve Bank, komanso inu akuluakulu a ku National Planning Commission, ndakupatsani moni nonse.

Ine ndi munthu wa geni ya mbewu kuno ku Lilongwe. Ndimagula soya, mtedza ndi mpendadzuwa cha ku Mitundu, Nsundwe ndi Kasiya, zina ndimakagulitsa ku Kanengo, zina ndimayenga mafuta ophikira ndi kamakina kanga ku Area 25. Sukulu ya zachuma sindinapiteko, koma chilichonse chimene mumasainira kumtundako chimadzatera pa sikelo yanga, nde ndati nanenso ndiyankhuleko, poyera, kuti anzanga a pa Tsoka ndi a mu Malangalanga awerenge nawo.

Zinthu zikangokwera mtengo mkangano wake umakhala womwewomwewo, pa wailesi, pa Facebook, mu minibasi ya ku Kawale. Ena amati boma lagona, lilowererepo, liike mitengo, litseke mashopu a anthu okweza zinthu, ADMARC ibwerere ngati nthawi ya Kamuzu. Ena, makamaka ovala mataye aja amene amayankhula m'mahotela, amati ayi boma lichokepo, msika uziyenda wokha. Ine onsewa ndimawamva koma ndimaona kuti akukanda pambali pa chilonda. Kuno kwathu boma silinagone ayi, lili maso kwabasi, kungoti likuyang'ana kolakwika. Mumalimbikira kulengeza mtengo wa dola, wa petulo, wa chimanga, chonsecho dolayo mulibe, petuloyo mulibe, ndalama yogulira chimangacho mulibe. Koma ntchito zimene palibe wina angazigwire kupatula inu, kuyeza masikelo, kukonza msewu wa kumudzi, magetsi, khoti loti munthu akakuthawa ndi katundu mlandu uthe chaka chomwecho, zimenezo ndi zomwe mwazisiyira msika kuti uone chochita.

Tiyambe ndi dola poti mpamene pagona nkhani. Mu Meyi 2012, mayi Joyce Banda atangolowa, kwacha inachoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola nkufika cha m'ma K1,700. Ulendo uliwonse njira yake inali imodzi, mtengo wa boma kuumitsidwa nthawi yaitali, wa pa bulaki nkuthawa, mabanki nkuuma, kenako tsiku lina timangodzuka kumva pa nkhani za m'mawa kuti kwacha yagwa. Ndipo itagwa mu 2023 muja zinabwerezedwanso zomwezo, dola kuimikidwa cha m'ma K1,750 pomwe pa msewu anthu amaigula kuposa kawiri mtengo umenewo.

Tsono ndikufunseni mabwana, chinthu chimodzi chikakhala ndi mitengo iwiri, wina K1,750 wina K4,000, amadya pakatipo ndi ndani? Si ine. Si mayi wa tomato pa Lizulu. Ndi uja ali ndi nambala ya foni ya munthu woyenera, amapatsidwa dola pa mtengo wa boma, katundu wake nkumugulitsa ngati dolayo anaigula pa bulaki, kapena osaitanitsa nkomwe katundu, kungozungulira kuseri nkuigulitsa dola yomweyo. Geni yoposa imeneyi ilipo m'Malawi muno? Palibe fakitale ingapange phindu lotere, nde munthu wanzeru zake avutikirenji kumanga fakitale, kulimbana ndi magetsi, antchito, misonkho, pomwe mnzake akupanga ndalama kawiri pongosaina fomu? Mumadandaula tsiku ndi tsiku kuti Amalawi sitipanga zinthu timangogula ndi kugulitsa, koma ndi malamulo anu omwe akupereka mphoto yaikulu kwa munthu wosapanga kanthu.

Ine chitsulo cha mkati mwa makina anga chikatha, chimene kuno sichipangidwa, ku banki amandiuza kuti lembetsani mudikire, ndipo kudikirako kulibe tsiku. Nde ndimapita komwe aliyense amapita. Mtengo umenewo umalowa mu botolo la mafuta, botolo likakwera anthu amati ndine wadyera, a boma nkumabwera m'mashopu ndi makamera kudzafunsa kuti bwanji mwakweza. Azimayi a kaunjika ataguba kupita ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025 chifukwa belo inakwera modabwitsa pa masabata ochepa, vuto silinali loti oitanitsa mabelo anadzuka ndi mtima woipa tsiku limenelo. Dola ya mtengo wa boma kunalibe, basi.

Kumbali ya wotumiza katundu kunja nako nkomvetsa chisoni. Munalamula kuti azisiya gawo la madola ake pa mtengo wa boma, poyamba inali 30 peresenti. Ndiye kuti munthu amene akubweretsa dola, amene mumayenera kumuyalira mphasa, ndi amene akulipira chindapusa, pomwe wotulutsa dola akulandira mphatso. Zotsatira zake aliyense wa ku Mchinji akuzidziwa, soya ndi mtedza zimawoloka usiku pa njinga ndi pa malole kudzera njira za m'tchire, ndalama yake siioneka m'mabuku anu, inu nkumadabwa kuti chaka chino tatumiza zochepa bwanji.

Sindikunena kuti kugwa kwa kwacha nkokoma. Kumawawa, ine ndinaona mpamba wanga ukusungunuka mu Novembala 2023 ngati wina aliyense, ndipo dziko limene limagula kunja pafupifupi katatu kuposa zimene limagulitsa silingachire ndi kugwetsa kwacha kokha. Koma chimene chimapha anthu si mtengo weniweni wa dola, poti mtengo umenewo tikuulipira kale mu sopo, mu shuga ndi mu feteleza. Chimapha ndi kunamizana kwa zaka ziwiri kenako kugwa kamodzi n'kamodzi. Ngati mwatsimikiza kuti dola muzigawa ndinu, chabwino, koma ikani pa intaneti sabata iliyonse kuti yapita kwa ndani, zingati, zogulira chiyani. Ya mankhwala ndi mafuta palibe angatsutse. Zinazo tikufuna tizione.

Mafuta agalimoto nkhani yake ndi yomweyo ndipo sinditalikitsa. MERA, bungwe loika mitengo ya mafuta, ili ndi ndondomeko yoti mtengo uzisintha wokha kutengera mtengo wa kunja ndi kwacha, koma petulo anakhala pa K2,530 kuchokera Novembala 2023 kwa pafupifupi zaka ziwiri, pa chikwangwani. Pa chigubu anali mtengo wina. Anthu kugona pa mzere, a kabaza kukweza, minibasi kukweza, lole yonyamula mbewu kuchokera ku Nsundwe kukweza. Amene mumafuna kumutetezayo, wosauka uja, petulo wa K2,530 sanamuoneko, anangoona thiransipoti yokwera.

Tsopano chimanga ndi mbewu, kumene ine ndimakhala. Chaka chilichonse unduna umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, pa wailesi nkumati wogula pansi pa mtengowu amangidwa. Mawu abwino. Koma mlimi wa ku Mitundu mu Epulo ali ndi fizi ya mwana, ngongole ya feteleza, wina akudwala, ndipo amene wafika pa khomo ndi ndalama m'manja ndi venda. ADMARC imayamba kugula mochedwa ndipo ndalama imaithera msanga, izi si zachinsinsi, nduna zomwe zimavomera. Nde mtengo wanu umakhala wa pa pepala. Mu 2017 titakolola zambiri boma linalengeza K170 pa kilo ya chimanga koma alimi ambiri amagulitsa pansi pa K100, uku boda ili yotseka, mayiko a kum'mawa kwa Africa akusaka chimanga ndi maso ofiira. Chiletso chinadzachotsedwa mu Okutobala, mlimi atagulitsa kalekale, chimanga chili m'ma sitolo a anthu a ndalama. Anapindula ndani pamenepo? Nanga chaka chotsatira mlimi amene anapsa uja mumayembekeza kuti abzale chochuluka bwanji?

Pali china chimene okonda kutseka boda sachiona. Ogula soya akuluakulu m'dziko muno ndi owerengeka pa zala, ambiri ali ku Kanengo ndi ku Blantyre. Boda ikakhala yotsegula amadziwa kuti akatsitsa kwambiri mtengo katundu apita kwina. Mukatseka, mwatipereka tonse m'manja mwawo, mlimi ndi ine yemwe, amangonena mtengo umene akufuna ndipo ulibe kolowera. Ndiye lamulo limene mumati likuteteza mafakitale a kuno limakhala msonkho umene mlimi wa maekala awiri akulipira kwa munthu wa mabiliyoni. Ngati a Competition and Fair Trading Commission akufuna ntchito yeniyeni, ili pamenepo, kufufuza ngati ogula ochepawa samagwirizana mitengo, osati kuthamangitsana ndi okala ya mu Chinsapo chifukwa cha paketi ya shuga.

Kwa inu olira ADMARC ya Kamuzu, ndikumvetsa, makolo athu amakumbukira kuti msika unali pafupi, sikelo inali yoona, feteleza amapezeka. Zoona zimenezo. Koma muzikumbukiranso mbali inayo. ADMARC imene inakhazikitsidwa mu 1971 ija inkagula mbewu za mlimi wamng'ono motchipa nkukagulitsa kunja modula, phindu lake lambiri nkupita kukatsegula maesiteti ndi makampani a anthu akuluakulu. Mlimi wa kumudzi samaloledwa kulima fodya wa bale mpaka cha mu 1990, amangololedwa kukhala tenanti pa esiteti ya bwana. Dongosolo linalipo inde, koma linali dongosolo lodyera pamsana pa wosauka.

Ndipo kwa inu a msika waufulu musasekerere. Mu 1987 anthu wamba ataloledwa kugula mbewu, misika yambiri ya ADMARC ya kutali inatsekedwa poganiza kuti amalonda adzadzaza malowo. Kumene kuli msewu anadzazadi. Kumene kulibe msewu kunafika venda mmodzi ndi sikelo yake yokuba, ndipo pamene wogula ali mmodzi palibe msika pamenepo. Njala ya 2002 inatipeza nkhokwe za boma zitagulitsidwa, mpaka lero boma la nthawiyo ndi a IMF amalozana zala, koma amene anaikidwa m'manda anali anthu a kumudzi. Makampani a boma amene anagulitsidwa kuyambira 1996 ena akuyenda bwino, ena anangosanduka ma sitolo osungira katundu wochokera kunja. Alimi a nandolo akummwera anaonanso mu 2017 India itachepetsa kugula, mtengo unagwa pansi penipeni, msika sunawapepese. Walira mvula walira matope, anatero akale, nde amene amati boma lichoke kotheratu nawonso sanakhalepo pa msika wa kumudzi tsiku la kabwandire.

Nchifukwa chake ine funso loti boma kapena msika landitopetsa. Funso ndi loti boma ligwire ziti. Sikelo, mwachitsanzo. Lamulo loyeza masikelo lilipo, koma m'misika imene ine ndimagula nyengo yonse imatha osaona woyeza. Ine amene sikelo yanga ndi yoona ndimaoneka ngati ndikugula motchipa, mnzanga pambali akulengeza mtengo wokwera koma pa thumba lililonse akuba makilo angapo, alimi nkumakhamukira kwa iye. Apa mpamene lamulo likufunika ndipo silidula, galimoto imodzi, miyala yoyezera, ndi anthu osalandira ya fanta. Mbewu zabodza zopaka utoto, feteleza wosakaniza mchenga, mankhwala ophera mbozi opanda mphamvu, izi zonse msika sungazithetse wokha chifukwa mlimi amadzazindikira mu Febuluwale mmera utakanika. Koma m'malo moti mphamvu zipite uko, zimathera pa ziphaso. Kuti munthu wamng'ono atumize lole imodzi ya mtedza kunja mwa chilungamo amayenda maofesi angati? Ndipo chiphaso chilichonse chimene bwana atha kupereka kapena kukana mmene wafunira chimakhala ndi mtengo wake wosalembedwa, tisanamizane.

Chinanso chimene chikutipha ndi malamulo ongodzuka nawo. Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kulowetsa zinthu zambiri, mpunga, ufa, mkaka, zipatso, chiponde, mpaka zotokosera m'mano. Ine monga wa mtedza ndikanayenera kuvina, ndipo maganizo oteteza opanga a kuno sindiwatsutsa. Koma tinali titakonzeka? Mu Epulo Tanzania inabweza, kuletsa mbewu zathu kulowa kwawo, malole nkuima pa Songwe, mpaka nduna za mayiko awiri zinachita kukhala pansi nkuchotsa ziletsozo. Dziko lopanda doko, limene mafuta ake ambiri amadzera ku Dar es Salaam, kuyamba ndewu ya malonda osawerenga kaye kuti mnzako abweza bwanji, zimenezo si mapulani. Munthu amene anafuna kukongola ndalama kuti agule makina a chiponde chifukwa cha chiletsocho, lero muzimuuza chiyani? Palibe amene angaike mpamba wake pa lamulo loti mawa nduna ina ikhoza kulisintha pa msonkhano wa atolankhani.

Za mapulani tsopano, a National Planning Commission musaone ngati ndakuiwalani. Tinali ndi Vision 2020, inafika 2020 tili pomwepo. Tinali ndi pulani ya chitukuko ya MGDS yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Mu Januwale 2021 munatipatsa Malawi 2063, ulimi wa malonda, mafakitale, mizinda, ndipo bukulo ndi lokongola, zimene zalembedwamo palibe wanzeru angakane. Vuto nloti pulani ili kwa inu koma bajeti ili kwina, ndipo bajeti imamvera chisankho osati pulani. Chaka chilichonse gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi limathera pa feteleza wa makuponi, kuyambira FISP ya 2005 nthawi ya Bingu kufika AIP imene inayamba mu 2020 ndi thumba la K4,495. Sindikuti sabuside sinathandizepo, zaka zoyambirira za Bingu chimanga chinalipo. Koma papita zaka pafupifupi 20 tikuthira madola mu feteleza wa chimanga chodalira mvula, El Niño atabwera mu 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi, ndipo mlangizi wa zaulimi kumudzi alibe ngakhale mafuta a njinga yamoto. Za K750 miliyoni ya feteleza imene inapita ku butchala ya ku UK mu 2022 sindinena zambiri, munazimva nokha.

Mzinda uno womwe ndi umboni wa mmene timapangira mapulani. Lilongwe inachita kujambulidwa pa pepala, likulu nkusamuka ku Zomba mu 1975, ma Area kupatsidwa manambala, uku maofesi, uku mafakitale, uku nyumba za mabwana. Koma anthu amene amaphika, kulondera ndi kumanga mu Area 10 ndi Area 47 pulaniyo sinawawerengere, nde anadzimangira okha Kauma, Mtandire, Mgona, Chinsapo, ndipo kumeneko nkomwe kumakhala anthu ambiri a mzinda uno. Mavenda anachotsedwa m'misewu ndi Operation Dongosolo mu 2006, lero ali kuti? Ali pompo, chifukwa venda amatsata kumene kukudutsa anthu osati kumene wajambula injiniya. Pulani imene imayamba ndi mmene mukufunira kuti anthu azikhalira, osayamba yaona mmene akukhaliradi, mathero ake amakhala apolisi ndi utsi wokhetsa misozi ku depoti.

Chonsecho pali mapulani amene ndi boma lokha lingapange ndipo ife tikuwalira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya pafupifupi mamegawati 130 tsiku limodzi, dziko lonse nkukhala mu mdima kupitirira chaka, chifukwa magetsi athu ambiri ali pa mtsinje umodzi wa Shire. Makina anga amayima, wa chigayo amayima, wowotcherera mageti mu Biwi amayima. Palibe venda angamange damu. Palibe venda angakonze msewu woti lole ifike kumudzi mu Febuluwale. Njanji yochokera ku Nacala imafika pa Kanengo pompa koma katundu wathu wambiri akuyendabe pa matayala, zomwe zimakweza mtengo wa chilichonse. Mutasankha zinthu zitatu zokha zoterezi nkuzimaliza, osayika mwala wa maziko wina uliwonse kufikira zitatha, mungatithandize kuposa mabuku onse aja amene mumakakhazikitsa ku BICC ndi ma alawansi ake.

Ena mwa inu mumakonda kutchula South Korea ndi Vietnam, kuti onani kumeneko boma ndi limene linatsogolera. Zoona. Koma mumasiya theka la nkhani. Ku Korea boma linkapereka ngongole zotchipa kwa makampani, koma muyezo unali umodzi, wagulitsa zingati kunja, ukalephera thandizo limadulidwa. Kuno kwathu kampani ikapatsidwa chitetezo kapena kukhululukidwa msonkho amaifunsa ndani kuti yabweretsa madola angati? Ku Vietnam nako chimene chinasintha zinthu kuyambira 1986 ndi choti boma linamasula mlimi kuti azilima ndi kugulitsa yekha, pofika 1989 dziko limene linkasowa chakudya linayamba kugulitsa mpunga kunja. Ndiye mukamatengera, tengerani ndi chilango chomwe, osangotengera mphamvu yogawa zinthu kwa anzanu.

Palinso nkhani ya ngongole imene anthu a pa msewu sitiikamba kwambiri koma imatikhudza. Boma likamawononga kuposa zimene latolera limakakongola ku mabanki a momwe muno, pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo banki yanzeru ingasankhe kukongoza ine wa kamakina ku Area 25 pomwe boma likulipira bwino popanda chiopsezo? Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti mu 2024, ndiye wamba akakongola amalipira choposa apo. Ndi geni yanji ya chilungamo imene ingabweze zimenezo? Nchifukwa chake mabanki akulengeza phindu la mabiliyoni chaka ndi chaka pomwe ife mpamba tikuutenga ku banki mkhonde ndi kwa a katapila. Mukamati mabizinesi ang'ono ndi injini ya chuma, dziwani kuti ndalama imene ikanawayendetsa mukuimwa ndinu.

Za migodi ndingonenako pang'ono poti Kasiya ndi kumene ndimagula mtedza. Akuti pansi pa minda ija pali mwala wa mtengo wapatali wotchedwa rutile wochuluka kuposa kwina kulikonse pa dziko, ndipo kampani ya ku Australia ili kale kumeneko. Tinaona za Kayelekera, mgodi wa uranium unatsegulidwa mu 2009 nkuima mu 2014, mgwirizano wake unakhala wobisika nthawi yaitali, anthu a ku Karonga mpaka lero amafunsa kuti anapindula chiyani. Apa ndiye pofunika boma lolimba, lodziwa kuwerenga mapepala, ndipo mgwirizano uliwonse uikidwe poyera usanasainidwe, mafumu ndi alimi a ku Kasiya aumve m'Chichewa. Minda imeneyo ndi imene imatidyetsa.

Pempho langa lalikulu, limene silifuna ngakhale tambala ya bajeti, ndi ili. Mwezi wa Seputembala usanathe, mlimi asanagule mbewu, lengezani mu gazeti ya boma malamulo a nyengo yonse: soya, mtedza, mpendadzuwa ndi nandolo zidzatumizidwa kunja momasuka kapena ayi, chimanga boda idzatsekedwa pokhapokha nkhokwe za boma za NFRA zikatsika kufika matani angati, ADMARC idzagula zingati ndipo ndalama yake ili kale mu akaunti iti. Mukalengeza, musasinthe mpaka nyengo ithe, ngakhale kampani yaikulu itabwera kudzalira ku ofesi kwanu, ngakhale chisankho chitayandikira. Ngati lamulo lake ndi loipa tidzalimbana nalo, bola tikulidziwa. Ine chaka chino ndikufuna kugawa mbewu ya soya pa ngongole kwa makalabu a alimi ku Nsundwe kuti ndidzawagule pa mtengo wogwirizana, koma sindingawalonjeze mtengo uliwonse ndisanadziwe ngati mu Meyi boda idzakhale yotsegula. Yankho lanu likufunika mvula isanagwe.

Ine wanu,
Wogula mbewu wa ku Area 25, Lilongwe